Akati uli smart, akukamba za malaya kapena za mutu?

Mawu akuti smart tawazolowera kwambiri muno mu Lusaka moti ambiri sitiwaonanso ngati Chizungu. Amayi akauza mwana kuti "uvale smart lero tikupita ku tchalitchi" palibe amene amaima kufunsa tanthauzo, kondakita pa siteshoni amawakamba, azimayi a salaula pa Soweto amawakamba, agogo amene sanapite patali ndi sukulu nawonso amawakamba bwinobwino. Koma mawu omwewa ukawamva mu filimu ya ku America, kapena ukawawerenga pa bokosi la foni, kapena abwana ku ofesi akanena kuti mapulani anu akhale smart, nkhani yake imakhala ina. Chomwe chandilembetsa izi n'choti masiku ano ndikumva achinyamata ena akuseka makolo awo kuti ati akuphwanya Chizungu akamati munthu ali smart potanthauza kuti wavala bwino, ndipo zimandipweteka chifukwa makolowo sakulakwitsa ayi, olo pang'ono.

Tiyambe ndi tanthauzo lomwe tinakula nalo. Kwa ife smart ndi maonekedwe, munthu wosamba, zovala zochapa ndi zosita, nsapato zopolisha, tsitsi lometa kapena lopesa, shati yopisira mu thalauza. Aliyense amene anaphunzira sukulu ya boma kuno akukumbuka Lolemba m'mawa pa asembule, ma prefect akuyenda mzere ndi mzere kuyang'ana zikhadabo, makolala, masokosi ngati ali oyera, ndipo Lamlungu madzulo m'nyumba zambiri za ku Chilenje, Matero, Chawama kumamveka fungo la polishi ndi ayironi ya makala, mwana akuuzira makala kuti ayake, kenako kuyamba wayesa pa kansalu kakale kuopa kuti kaphulusa kangagwere pa shati yoyera n'kuboola. Magetsi atavuta kwambiri mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, ma ayironi amenewo anatulukanso m'makona momwe anaponyedwa, anthu sanalole kupita ku ntchito ndi makwinya. Ndiye mukamva aphunzitsi akunena kuti mwana uyu ndi smart, nthawi zambiri sakukamba za mamakisi ake, akunena kuti kwawo amamusamala ndipo iyenso amadziwa kudzisamala.

Tanthauzo limeneli sitinalipeke tokha, ndi la ku Britain lenileni. Mpaka lero munthu wa ku London akati "you look smart" akunena zovala zako, sukulu za kumeneko zikalemba kuti ana azioneka smart zikunena yunifomu, ndipo hotela ya smart kwa iwo ndi hotela yapamwamba yogonamo anthu a ndalama. Ife Chizungu tinachitenga kwa iwowo nthawi ya Northern Rhodesia, ndipo tinachitengera m'malo amene maonekedwe a munthu ankayang'anidwa tsiku ndi tsiku, ku sukulu za mishoni, ku polisi, ku usilikali, kwa amesenjala a pa boma, kwa ogwira ntchito m'nyumba za azungu. Konseko agogo athu ankamva mawuwa pa nthawi yoyenderedwa, batani lili m'malo? lamba wawala? nsapato zikung'anima? Ndiye n'zosadabwitsa kuti tanthauzo lomwe linakhazikika m'makutu mwawo ndi limenelo. Titalandira ufulu mu 1964 Chizungu chinakhalabe chilankhulo cha boma, lamulo la maphunziro la 1966 linachiika kukhala chophunzitsira kuyambira giredi 1, mabuku ndi masipelo zinali za ku Britain, so mawuwo anangopitirira ndi tanthauzo lomwelo mpaka kulowa m'Chinyanja cha m'makomboni.

Pali chomwe tinawonjezerapo ife, ndi nkhani ya ukhondo ndi dongosolo. Timati nyumba ya a neba ili smart, kutanthauza pabwalo n'posesa, sitepe n'njopaka polishi wofiira, mapoto akuwala pa thandala. Timati mwana uyu amalemba smart, kalipentala watulutsa kabati ya smart, ndipo muone ogulitsa magalimoto pa Facebook, pafupifupi aliyense amalemba kuti galimoto ili very smart, kutanthauza kuti ilibe zokala, mipando sinang'ambike, mkati ndi moyera. Mzungu wa ku Britain pamenepa angagwiritse mawu ena monga tidy, neat kapena clean, koma zimenezo sizikutanthauza kuti ife talakwa, mawu akakhala pa malo zaka zambirimbiri amayamba kugwira ntchito ya eni malowo. Ndipo chomwe ndimakonda pa smart yathuyi n'choti siyendera thumba. Ku London mawuwa amanunkhirako ndalama ndi ulemerero, kuno mnyamata wa jekete ya salaula yochapa bwino ndi kusita bwino ali smart kuposa mwana wa bwana wovala zodula koma zamakwinya, ndipo aliyense mu basi amavomereza zimenezo popanda mkangano. Komanso chomwe chikutchedwa smart chimadalira amene akuweruza. A Kenneth Kaunda anazolowetsa dziko lonse suti yopanda tayi ija mpaka inatenga dzina lawo, kuno ndi chovala cha ulemu, koma mu 2023 sipikala wa nyumba ya malamulo ku Kenya analetsa aphungu kulowa nayo m'nyumbamo ati si kavalidwe koyenera.

Manje tiwoloke nyanja. Ku America tanthauzo loyamba la smart ndi nzeru, mwana wa smart ndi amene amamva msanga m'kalasi, amene mutu wake umagwira, olo atavala sanza. Tanthauzo limeneli ndi lomwe ana athu akulimva tsiku lonse mu makatuni, mu mafilimu, pa YouTube ndi TikTok, ndiye kwa iwo ndi limene likumveka ngati lenileni, la agogo likumveka ngati lolakwika. Mwana wa mchemwali wanga amagwira ntchito ku bungwe lina muno mu tauni, tsiku lina atafotokoza bwino za ma akaunti pa miting'i, abwana ake, mayi wa ku America, anamuuza kuti "you are so smart", iye anadziyang'ana diresi n'kuyankha mwaulemu kuti zikomo madam, ndinagula ku Kamwala. Mayiwo anangoti kakasi, ndipo zinatenga kanthawi kuti amvane kuti wina akuyamikira mutu wina akuthokoza za nsalu. Zimachitikanso mobwerera, ukamuuza wa ku America kuti "you look smart" akhoza kumva ngati ukuti akuoneka ngati munthu wanzeru, makamaka ngati wavala magalasi. Iwo akafuna kuyamikira kavalidwe amakonda kunena kuti sharp, pomwe a ku Britain akafuna kunena za nzeru mawu awo akale ndi clever kapena bright, ngakhale masiku ano nawonso smart ya nzeru ayitengera ndithu.

Njira yosavuta yodziwira ndi kuyang'ana mawu oyandikana nawo. Ngati pali look, dress, suit, shoes, uniform, nkhani ndi ya maonekedwe. Ngati pali idea, move, decision, question, ndi nzeru ndipo zimenezi n'chimodzimodzi kulikonse padziko. Povuta ndi pamene angoti munthu is smart basi osawonjezera kanthu, pamenepo muyenera kudziwa kuti wolankhulayo Chizungu chake anachiyamwira kuti.

Koma zinatheka bwanji kuti mawu amodzi anyamule malaya ndi mutu pamodzi? Apa ndi pomwe nkhaniyi imandikomera. Zaka 1,000 zapitazo, m'Chizungu chakale kwambiri, mawuwa ankalembedwa smeart ndipo sankakhudza zovala kapena nzeru, ankatanthauza chinthu chopweteka, chobaya, chowawa pakhungu. Achibale ake m'zilankhulo zina akadali ndi tanthauzo lomwelo, ku Germany ululu amati Schmerz, ndipo m'Chidatchi ndi m'Chiafrikaans mawu akuti smart mpaka lero ndi chisoni ndi kuwawa kwa mtima. M'Chizungu momwemo tanthauzo lakaleli silinafe, likadalipo ngati mneni. Mukadula anyezi maso n'kuyamba kuwawa, kapena utsi wa mbaula ukakulowani m'maso, kapena mukathira sipiriti pa bala, Mzungu amati "my eyes are smarting" kapena "it smarts", ndipo m'nyuzipepala mupeza akulemba kuti timu ikadali smarting itagonja, kutanthauza kuti zikuwawabe mumtima. Mwana wa giredi 12 akakumana ndi chiganizo chotere pa mayeso n'kuganiza za suti ndi tayi, funso limenelo waluza.

Kuchoka pa ululu mawuwa anasamukira pa mphamvu ndi changu. Chikwapu chopweteka ndi chomwe chabwera mwamphamvu ndiponso mofulumira, ndiye pofika zaka za m'ma 1300 ankawagwiritsa pa chinthu chochitika mwachangu ndi mwamphamvu. Ichinso chikadalipo, a ku Britain akati munthu akuyenda at a smart pace akunena kuti akuyenda ndawala, ndipo mkulu wa asilikali akakuwa kuti "look smart!" nthawi zina sakunena za yunifomu koma akuti fulumira, changamuka. Kenako changucho chinalowa pakamwa, yankho lobwera msanga ndiponso lobaya, kuchoka pakamwa chinalowa m'mutu, moti cha m'ma 1600 munthu woganiza msanga ankatchedwa smart. Za kavalidwe zinabwera pambuyo, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, munthu wooneka wochangamuka, wovala zokhala bwino pathupi, wopanda chilichonse cholendewera. Mukayang'ana bwino zonsezi zamangidwa ndi chingwe chimodzi, ndi kuthwa. Ifenso timanena kuti mpeni wakuthwa, mwana wakuthwa mutu, mayi wakuthwa pakamwa, ndipo thalauza yosita bwino timati mzere wake ndi wakuthwa, ndiye ulendo wa mawuwa si wachilendo kwa munthu wolankhula Chichewa. Chomwe chinachitika n'choti a ku Britain anagwiritsitsa nthambi ya zovala, a ku America nthambi ya nzeru, onse kuchokera pa mtengo umodzi. Palibe wolakwa pakati pawo ndipo palibe wolakwa pakati pa agogo ndi mdzukulu.

Pali mbali ina yomwe anthu ambiri kuno sayidziwa ndipo ikhoza kukuchititsani manyazi. Smart si chiyamikiro nthawi zonse. Kholo la ku America likauza mwana kuti "don't get smart with me" silikuletsa mwanayo kukhala wanzeru, likuti usandiyankhe mwamwano, usandiderere. Smart mouth ndi pakamwa pa chipongwe. Smart aleck, mawu amene akhalapo ku America kuyambira zaka za m'ma 1860, ndi munthu wodziyesa wodziwa zonse, uja amakonza aliyense pa gulu mpaka anthu kutopa naye. Ndipo outsmart ndi kumuposa wina kuchenjera, kumupusitsa asanakupusitse. Apa Chichewa chathu chimasiyanitsa bwino kuposa Chizungu, chifukwa ife tili ndi nzeru kwina, kuchenjera kwina. Kalulu wa m'nthano ndi wochenjera, amapulumuka, amadya za ena, koma palibe gogo anganene kuti Kalulu ndi wanzeru ngati mmene timanenera za nkhalamba yoweruza milandu pabwalo. Smart ya ku America imagwera pakati, nthawi zina ndi nzeru, nthawi zambiri ili kufupi ndi kuchenjera ndi kuchangamuka, pomwe nzeru zakuya zija za akulu Chizungu chimati wise. N'chifukwa chake amasiyanitsa book smart, wa nzeru za m'mabuku, ndi street smart, uja wodziwa kuyenda mu tauni, amene sungamubere foni pa City Market kapena kumugulitsa zabodza. Ine ndikadasankhira mwana wanga ndikadafuna akhale ndi zonse ziwiri, chifukwa Lusaka siyifunsa satifiketi ukatsika basi usiku.

Palinso mawu akuti smart money omwe asunga mbiri yonseyi mkati mwawo. Kalekale zinali ndalama zomwe msilikali kapena wa pa sitima ankapatsidwa akavulala pa ntchito, ndalama za ululu, ngati chipukutamisozi. Lero mukawamva pa nkhani za bizinesi akunena ndalama za anthu odziwa bwino msika, amene amaika pomwe ena sanaone.

Tsopano za makina, zomwe zadzaza mashopu onse a mu Cairo Road. Kutchula chipangizo kuti smart kunafala cha m'ma 1970, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti china mwa zoyamba kutchuka ndi dzinali linali bomba, lija lotsogoleredwa kuti likagwere pomwe alozera, pa nkhondo ya ku Vietnam. Apa tanthauzo ndi la ku America, chinthu chochita ngati chili ndi nzeru. Mu 1974 Roland Moreno wa ku France analembetsa luso la khadi yokhala ndi kachipu mkati, ndiyo smart card, ndipo mwanyamula zingapo pompano osadziwa, SIM khadi ya mu foni, khadi ya ku banki ya kachitsulo kagolide, khadi ya mu dikoda. Foni yomwe ambiri amaitenga ngati smartphone yoyamba ndi IBM Simon yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1994, yolemera pafupifupi hafu kilo, kenako iPhone inabwera mu 2007 ndipo mafoni a Android mu 2008. Boma lathu nalonso lili ndi Smart Zambia Institute, yomwe ntchito yake ndi kuika ntchito za boma pa intaneti, si nkhani ya kusesa misewu kapena kuvala matayi ngakhale ndikudziwa kuti ena atamva dzinalo koyamba anaganiza za ukhondo, ndipo sindingawadabwe. Alangizi a zaulimi nawonso amakamba za climate-smart agriculture, mawu amene FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, linawatchukitsa mu 2010, kutanthauza ulimi woganizira kusintha kwa nyengo.

Apa ndikufuna ndichenjeze chifukwa anthu akuluza ndalama. Pa zipangizo smart kwenikweni imatanthauza kuti chinthucho chili ndi kakompyuta mkati ndipo chimatha kulumikizana ndi intaneti kapena ndi makina ena. TV yopyapyala yokongola si smart TV chifukwa chokongola, ngati siyilowa pa Wi-Fi ndipo mulibe ma app ndiye kuti ndi TV wamba chabe. Wogulitsa akati "iyi ni smart mudala", inu mukumva za maonekedwe, iye akukulipiritsani mtengo wa intaneti, ndiye muuzeni ayatse pompo, ayilumikize ku foni yake muone YouTube ikutseguka ndi maso anu. Chimodzimodzi mita ya magetsi, ija yolowetsa manambala a mayunitsi ndi dzanja ndi prepaid, smart meter ndi imene imatumiza yokha uthenga ku kampani za mmene mukugwiritsira magetsi popanda munthu kubwera kudzawerenga. Makampani amawakonda mawuwa chifukwa amagulitsa katundu, mpaka pali kagalimoto kakang'ono kotchedwa Smart komwe dzina lake linachokera pa kuphatikiza Swatch, kampani ya mawotchi, Mercedes ndi mawu akuti art.

Amene mumapita ku ma workshop mwakumananso ndi SMART ya zilembo zikuluzikulu, ija amalemba pa flip chart kuti zolinga zanu zikhale SMART. Imeneyo si mawu omwe tikukambawa koma chidule cha mawu asanu, ndipo anailemba koyamba George T. Doran mu 1981 m'magazini ya za kayendetsedwe ka ntchito ku America. Mfundo yake n'njoti cholinga chikhale cholunjika pa chinthu chimodzi, chotheka kuyeza, chotheka kuchikwanitsa, chogwirizana ndi zenizeni, ndipo chikhale ndi tsiku lomalizira. Mwini wakeyo pa chilembo cha A, chachitatu pa zisanuzo, anaika mawu akuti assignable, kutanthauza kuti padziwike amene apatsidwe ntchitoyo, anthu ndi amene anasintha pambuyo pake kuti likhale achievable, la kukwanitsa lija, ndipo ine ndimaona kuti loyambalo linali labwino kwambiri chifukwa mapulani ambiri m'maofesi mwathu amafera pomwepo, aliyense wavomera koma palibe amene wapatsidwa.

Kwa ana a sukulu ndi ofunsira ntchito pali zina zing'onozing'ono zothandiza. Poyerekeza timati smarter ndi smartest, osati more smart, komanso osaphatikiza kuti more smarter ngati mmene ndimamvera pa wailesi nthawi zina. Pokamba ndi anzathu "wavala smart" ili bwino, koma polemba kompozishoni ya Chizungu aphunzitsi ayembekezera smartly dressed. Smarten up ku Britain ndi kudzikonza maonekedwe kapena kukonza malo, ku America ndi kuyamba kuganiza bwino, kusiya zopusa. Pa CV musalembe kuti "I am smart", wowerenga wina amva kuti mukudzitama nzeru wina amva kuti mukunena za suti, onse awiri sizikuwathandiza, lembani zomwe munachita ndi zomwe mumatha.

Ndipo pomwe ambiri timasokonekera ndi pa khadi ya ukwati kapena kalata ya ku ntchito yolembedwa kuti dress code ndi smart casual. Anthu amamva casual yokha n'kubwera ndi jezi ya mpira ndi ma slippers, ena amamva smart yokha n'kubwera ndi suti ya zidutswa zitatu pa dzuwa la Okutobala thukuta lili kamukamu. Chomwe akufuna chili pakati. Kwa abambo ndi shati ya kolala kapena gofu yabwino, thalauza ya nsalu kapena jinzi yakuda yosang'ambika, lamba, nsapato zotseka zoyera, tayi ayi, jekete mukafuna. Kwa amayi diresi kapena siketi ndi bulauzi, thalauza yabwino, ndipo chovala cha chitenje chosokedwa bwino kwa telala chimalowa bwinobwino pamenepa, musachite nacho manyazi. Ngati ndi intavyu ndipo sanalembe chilichonse za kavalidwe, pendekerani ku smart osati ku casual, ndipo ngati mukukayika imbani foni mufunse amene wakuitananiyo, makamaka ngati ndi wochokera kunja, chifukwa smart casual ya ofesi ya banki ndi ya bungwe la achinyamata a zamakompyuta sizifanana.